Rumald, Wodyera Akufa a ku Murzoli

Kwathu ku Murzoli munthu amayamba kulemekezeka akafa. Uli moyo, anthu angathe kukudutsa pamsewu ngati chitsa. Koma tangotsinzinani lero muone. Belu lilira, anthu avala zakuda ndi dzuwa lonseli, ndipo mdzukulu wanu akadzafuna ukwati adzakuphikirani nkhumba ija ankakubisirani muli moyo.

Ngakhale parishi yathuyi inayamba ndi maliro. Kale, nthawi ya Apwitikizi, mudzi uno unalibe tchalitchi. Misa kutsidya kwa mtsinje, ubatizo kutsidya, manda kutsidya. Chaka china mvula itakwiya, bwato linagudubuka lili ndi bokosi la mkulu wina wa banja la a Menezes. Amoyo anasambira. Malemuwo anapitirira okha, phee, kulowera kunyanja, ndipo mpaka lero tikuwadikira. Anthu anati ayi, zokwera bwato munthu utafa kale zatikwana. Anamanga tchalitchi cha Roki Woyera pachitunda, manda kumbuyo kwake. Mandawo anawagawa bwinobwino kuti akufa asasokonezeke. Kuchipata kumagona eni minda, pakati a masitolo ndi aphunzitsi, ndipo kumapeto, kumitengo ya mbibu komwe nkhumba zimafukula, kumagona ifeyo.

Vuto ndi loti lero aliyense ku Murzoli agogo ake ndi amene anaika mwala woyamba wa tchalitchicho. Aliyense! Mutasonkhanitsa miyala yoyamba yonseyo, tchalitchi chikanagunda mitambo mwala wachiwiri usanafike. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanena zimenezi, a Rumald.

"Agogo anga ankangosenza miyala," amatero a Rumald. "Woyamba kaya wachiwiri, sanafunse. Ankati yonse inali yolemera."

A Rumald ndi mkulu wamtali, woonda ngati mtengo wa kokonati, wa kholingo lalikulu lomwe limakwera ndi kutsika akamameza, moti ana amaima n'kumaonerera. Anabadwira kuseri kwa manda, m'kanyumba komwe akukhalabe. Ali mnyamata anayesa ntchito zonse za kuno. Kukwera kokonati, chizungulire. Usodzi, kusanza. Anzawo onse atapita kukagwira ntchito m'masitima a pamadzi, iwo anafika mpaka ku Bombay, n'kuona kukula kwa sitimayo, n'kubwerera ndi basi yomweyo. Mayi awo anadandaula kuti, "Mwana uyu chomwe chimagwira ntchito ndi pakamwa pokha." Sanadziwe kuti akulosera.

Paja kuno ukwati suchitika akufa a pabanjapo asanadye. Kukatsala masiku ochepa, mumaphika nkhumba, maungu, nsomba zouma, mpunga wofiira, n'kuyala mphasa pansi, n'kuitana opempha. Timati phwando la opempha. Wakufa aliyense mumamupezera wamoyo wofanana naye, mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, msinkhu womwe anafera. Ameneyo amakhala pamphasa m'malo mwa malemu, mumamupatsa zomwe malemuwo ankakonda, kaya feni, kachasu wathu wa kuno, kaya ndudu, ndipo mwini nyumba amamutumikira yekha. Kenako banja lonse limasuzumira tsamba la nthochi lomwe wadyerapo. Likayera, akufa akondwa ndi ukwatiwo. Likatsala ndi chakudya, pali nkhani.

A Rumald anayamba ndi kudyera kamnyamata kena komwe kanamira mumtsinje uja. Ananyambita tsamba mpaka linang'ambika, mayi a mwanayo n'kulira ndi chimwemwe. Basi ntchito inapezeka. Ndipo ndi ntchito yokwezedwa, musaone choncho. Anayamba ndi anyamata, atamera ndevu anafika pa amalume, kenako abambo, lero ali pa agogo. M'mudzi muno mulibe nyumba yomwe a Rumald sanakhalepo kholo lake.

Sangodya ayi. Wakufa aliyense amamudyera mmene ankadyera. Akakhala malemu woliza belu, amadya mwachangu akuyang'ana kuchitunda ngati Misa yachedwa. Akakhala malemu a sitolo, amayamba afunsa kuti anyeziyu mwagula kuti. Ine kutsanzira anthu ndinakuonera pomwepo, koma ine ndikatsanzira amangoseka, iwo akatsanzira amawawonjezera nyama.

Masiku ano ndi okhawo atsala pa ntchitoyi. Theka la mudzi lili ku London, nyumba zili zokiya, ndipo otsalawo onse ndi zidzukulu za mwala woyamba. Wokhala pamphasa ndani? Ndiye mabanja amachita kukonza tsiku la ukwati atafunsa kaye a Rumald ngati ali ndi mpata, kenako n'kupita kwa bambo mfumu.

Akazi awo, a Konsu, anagwira ntchito yophika kwa a Dona Aramita Menezes kuyambira ali mtsikana mpaka tsiku lomwe anagwa pafupi ndi mbaula osadzukanso. Anali mayi wamfupi, wa mawu omveka kutsidya. Anasiya mwana mmodzi, Perpet, wofatsa ngati si wawo. Chaka chathachi Perpet anapeza mwamuna, Agnelo, mnyamata wa kutsidya yemwe amagulitsa buledi panjinga. Amapopa kahutala kake pakhomo lililonse kamodzi, koma kuseri kwa manda ankapopa mpaka agalu kulira.

Mayi ake a Agnelo, a Kiteria, anawoloka mtsinje kudzaona banja. Anakhala pampando osavula nsapato, n'kuyang'ana denga, n'kuyang'ana a Rumald.

"Mtsikanayu ndamukonda," anatero. "Koma inu a ku Murzoli timakudziwani. Munataya kale mtembo m'madzi. Ine mwana wanga salowa m'banja lomwe mayi ake a mkazi ali ndi njala kumanda. Ndidzabwera ndekha kudzaona tsamba la a Konsu. Likapanda kuyera, njinga ya Agnelo isadzaonekenso kuno."

"Mayi, mukuuza ine za tsamba?" a Rumald anaseka. "Ine ndi mwini wake wa ntchitoyi."

Anaseka mpaka a Kiteria atakwera bwato. Kenako kholingo lija linaima pakati. Wodyera a Konsu akhala ndani? Iwo ndi mwamuna, komanso ndi mwini nyumba. Pafunika mkazi, wachikulire, wolola kukhala pamphasa kuseri kwa manda mudzi wonse ukuonerera.

Anatenga ambulera yawo yothyoka n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Anayambira kwa a Filomena, omwe bambo awo anawadyerapo kangapo.

"Ine? Pamphasa?" A Filomena amayankhula atagwira pachifuwa ngati wina akufuna kuwalanda mkanda. "A Rumald, mwamwa m'mawa uno? Agogo anga ndi amene anakoka chingwe cha belu koyamba!"

Anapita kwa a Ermin.

"Pepani kwambiri, achimwene, koma ife banja lathu ndi lija linasambira kutsatira bokosi la a Menezes. Anthu angati chiyani?"

"Analipeza bokosilo?"

"Nkhani si imeneyo."

Anapita kwa a Luiza, omwe mudzi wonse ukudziwa kuti amadya phala la mpunga ndi mchere basi mwana wawo akaiwala kuimba foni. A Luiza anameza malovu atamva za nkhumba, koma anati agogo awo anagwirizira makwerero pamene ankapachika mtanda. Makwerero amenewo, abale, anagwiriziridwa ndi mabanja ochuluka kuposa mapazi ake.

Pomwe akumanga hotela kumsewu waukulu anapeza mayi wina wochokera kutali, wosenza mchenga, yemwe anavomera mosavuta. Koma anati nkhumba sakhudza, feni sanunkhiza. A Rumald anamuthokoza n'kubwerera.

"Konsu wokana nkhumba?" anatero panjira. "Ameneyo akhala mkazi wa munthu wina."

Pomaliza anakwera chitunda kwa Bambo Olavo, wansembe wathu wachinyamata yemwe anaphunzira ku Roma ndipo amayankhula atatseka maso ngati mawu akuwawerenga mkati mwa zikope.

"A Rumald, a Rumald. Akufa safuna nkhumba. Akufa amafuna Misa."

"Misa ndapereka kale, Bambo. Koma Konsu simunamuone inu. Akachoka ku Misa ankafikira pa mphika asanavule mpango."

"Ndi miyambo yakale imeneyi, tiyenera kuisiya."

"Chabwino, Bambo. Ndiye Loweruka kwa a Dona simubwera?"

Bambo Olavo anatsegula diso limodzi. "Kumeneko ndikadalitsa chakudya. Ndi nkhani ina."

Lowerukalo linali phwando la opempha kwa a Dona Aramita. Mdzukulu wawo anabwera kuchokera ku London kudzakwatira. Amati ali ndi udindo waukulu pabwalo la ndege, ndipo n'zoona, ngolo zonse za katundu zimamumvera akamazikankha. A Dona ndi mayi wa nyumba yaikulu ya khonde lalitali moyang'anizana ndi tchalitchi. Amayankhulira m'mphuno, akudzikupiza ndi kakupizira mphepo, ndipo sanakhalepo pansi chibadwire. Malemu amuna awo, Dokotala Hipolito, amagona poyambirira penipeni pa chipata cha manda, moti ukalowa umawaponda usanapemphe. Chimwalirire a dokotalawo, wowadyera ndi a Rumald. A Dona amawaveka jekete la malemu, amawaikira tsabola wambiri, ndipo akamadya amawakalipira za zinthu zomwe sanamalize kukangana ali moyo.

Tsikulo mudzi wonse unadzaza pakhonde. A Rumald anakhala pamphasa, jekete lofika m'zigongono. A Dona anawaikira okha nyama ya nkhumba yofiira psuu, mafuta ali noninoni. A Rumald anatapa mpunga, n'kukweza dzanja, n'kulitsitsa. Anakwezanso. Kholingo zii, osasuntha.

Mayi a mkwatibwi anayamba kutulutsa korona m'chikwama.

"Hipolito!" A Dona anawerama. "Ndi chiyani? Tsabola wachepa?"

A Rumald anapukusa mutu.

"Mtsikanayu simukumufuna? Ndinanena ine kuti banja lawo ndi la pakati pa manda! Hipolito, yankhulani, musandichititse manyazi ngati tsiku lija la Pasaka!"

Mkwatibwi anayamba kulira. Mdzukulu wa ku London ankangoti maso mwazumwazu, foni ili m'mwamba.

"Mayi," a Rumald anatero chapansipansi, "si a dokotala. Ndine."

"Ndiwe ndani?"

"Rumald."

"Rumald wakuitana ndani? Ine ndikuyankhula ndi amuna anga!"

"A dokotala njala ali nayo, mayi, ndikuimva. Koma pakhosi podutsira ndi panga, ndipo patseka. Ndikati ndimeze, ndikuona Konsu. Ine ndadyera makolo a mudzi wonse uno, koma mkazi wanga wasowa womukhalira pamphasa. Ukwati wa Perpet ukutha."

Azimayi aja a belu ndi makwerero onse anapeza choyang'ana kudenga.

"Tidzakambirana Lolemba," a Dona anatero m'mphuno. "Idya."

A Rumald anayesadi, sindinama. Anaika mpunga pakamwa, n'kutafuna, n'kutafuna, misozi ili chuchuchu, koma osatsika. Nyama inayamba kuzizira, mafuta kugwirana. Bambo ake a mkwatibwi anadzuka n'kuyamba kufunafuna nsapato zawo.

A Dona anayang'ana uku ndi uku. "Filomena, udzapita iwe."

"Mayi, belu lija..."

"Ermin?"

"Bondo, mayi."

Bambo ake a mkwatibwi anali atapeza nsapato imodzi. A Dona anatseka kakupizira kawo, phwa!

"Chabwino! Ndidzabwera ine! Hipolito, mwamva? Ndidzakhala pamphasa ya munthu uyu. Tsopano idyani, chitsiru cha mwamuna, moyo wonse kundivutitsa!"

Kholingo linakwera, n'kutsika. Abale, sindinaonepo a dokotala akudya ngati tsiku limenelo. Anapempha kuwonjezera, anageya molemekezeka, n'kufunsa kotokosera m'mano. Tsamba linayera mbee. Ndipo lonjezo loperekedwa kwa mwamuna wakufa, pamaso pa wansembe yemwe pakamwa pake panali podzaza moti sakanatha kulimasula, silibwezedwa.

Tsiku la a Konsu, anthu anakwera mpaka pampanda wa manda kuti aone bwino. A Kiteria anawoloka m'mamawa n'kukhala pafupi ndi mphasa ngati woyang'anira mayeso. Dzuwa lili pamutu, a Dona anatulukira atavala diresi lakuda la silika, kumbuyo kwawo wantchito atasenza mpando.

"Mpandowo ubwerere, mayi," a Rumald anatero mwaulemu. "Konsu sanakhalepo pampando."

"Msinkhu nanga? Konsu anafa wamkulu kuposa ine."

Aliyense akudziwa kuti a Dona anali kale pasukulu a Konsu akubadwa, koma anthu onse anavomera pamodzi kuti eee, n'zoona, kungoti tipirire.

Kutsika kwake kunatenga nthawi. Maondo analira ngati chitseko cha tchalitchi. Atafika pansi anatulutsa supuni yasiliva m'chikwama.

"Konsu ankadya ndi dzanja, mayi."

"Rumald, usandiyese."

"Si ine, mayi. Ndi mwambo."

Anawafunditsa mpango wa a Konsu, wofiirira, wonunkhirabe utsi. Anawaikira nsomba youma yowotcha, maungu, nkhumba, mango a mumchere, ndi feni m'chikho cha kokonati. A Dona ananunkhiza fenyo ngati mankhwala a makoswe, n'kumwa kamodzi. Anatsokomola. Anamwanso. Anatapa mpunga ndi nsonga za zala, kenako ndi zala zonse. Atamaliza chikho chachiwiri anakoka mpango uja kumutu, n'kukhala chotambalala, ndipo mawu atatuluka sanadzere m'mphuno ayi. Anachokera pamimba.

"Iwe Rumald!"

Agalu a kumanda anathawa. A Rumald anagwetsa chipande.

Paja a Konsu ankadandaula za amuna awo m'khitchini ya a Dona tsiku lililonse kwa moyo wonse. A Dona ankamva zonse kudzera pazenera. Ankazidziwa ngati Atate Athu.

"Nsomba iyi wawotcha ndi iwe? Yapserera ngati nkhope yako! Mwamuna wanji wodya m'nyumba zonse za m'mudzi, kubwera kuno ndi mafupa m'tsamba ati ndakusungira? Denga ili unati ukonza mvula isanabwere. Mvula yake iti? Ya Nowa?"

"Konsu, pali alendo..."

"Alendo adziwe! Bambo wa aliyense, agogo a aliyense, koma ndikati katunge madzi, ati lero ndine dokotala, sindisenza ndowa!"

Anthu pampanda ankagwa ndi kuseka. A Rumald anangogwada poteropo, manja ali pamaondo, akugwedeza mutu ngati munthu womvera nyimbo yomwe anaisowa kalekale. "Eya," ankatero. "Eya, ndi choncho."

Kenako Perpet anatuluka m'nyumba atanyamula mbale ya zotsekemera za kokonati. Anaima pakhomo. A Dona anamuyang'ana nthawi yaitali, mpango uli pamphumi.

"Bwera kuno, iwe. Waonda bwanji? Khala apa."

Perpet anakhala pamphasa.

"Amayi ako..." A Dona anaima, n'kukonza pakhosi. "Ine ndinkanena kukhitchini kuja kuti mwana wanga ameneyu adzakwatiwa ndi munthu wobweretsa chakudya kunyumba, osati wokadya kwa eni ake. Ndiye wapeza wa buledi. Wachita bwino. Koma uzidya kaye iwe usanamuikire, wamva? Ukadikira mwamuna udzafa ndi njala ngati ine."

Anatapa mpunga ndi dzanja lawo la mphete zija n'kumudyetsa. Perpet analira atatsamira paphewa la silika, ndipo pampanda kuseka kunatha. Ngakhale a Filomena anafuna kansalu.

A Dona anadya zonse. Anapukuta tsamba ndi chala, n'kunyambita chalacho. A Kiteria analitenga, n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuliunika padzuwa.

"Mayi awa anali ndi njala," anatero. "Agnelo, kauze bambo mfumu."

Kudzutsa a Dona kunafuna amuna omwe amanyamula chifanizo cha Roki Woyera pa chikondwerero, ndipo akuti Roki ndi wopepuka. Ataima, mawu anabwerera m'mphuno. Anavula mpango, n'kuupinda bwinobwino, n'kuupereka kwa Perpet, n'kuuza a Rumald kuti nsombayo inalidi yopserera.

Perpet anakwatiwa sabata yotsatira. Lero mukafunsa ku Murzoli, a Filomena, a Ermin ndi a Luiza onse akuti akanapita, kungoti a Rumald sanawafunse bwino. Ndamvanso kuti agogo a anthu angapo ndi amene anayala mphasa yoyamba m'parishi muno.

Tsiku lina ndinawapeza a Rumald pakhomo akusoka ambulera yawo, denga likadali lomwe lija. Ndinawafunsa ngati a Dona anawatsanzira bwino a Konsu, poti ine ndimafuna kudziwa za ntchito.

Anaganiza kaye, kholingo lili m'mwamba.

"Mawu anapeza," anatero. "Koma anandimvera chisoni. Konsu akanaponya chikho."